NZERU ZA PAKHOMO: Malaini awiri a intaneti pa rauta imodzi

Sabata yathayi tinalandira kalata yocokera kwa bambo wina wa ku Nyimba amene ali ndi kasitolo m'mbali mwa mseu waukulu wa Great East Road. Mwana wao wamkazi acita maphunziro a uphunzitsi ali pakhomo, natumiza mayankho ake ku koleji pa intaneti. Usiku wina netiweki inathawa nthawi yotumizira itatsala pang'ono kutha, ndipo mwanayo anagona akulira. Tsono wamalonda wina pa boma la Petauke wawauza kuti akagula rauta yolandira malaini awiri, intaneti yao idzathamanga kuwirikiza kawiri. Iwo afunsa kuti: kodi nzoona, ndigulitse nkhumba ndikagule?

Bambo, nkhumbayo muyambe mwaisiya m'khola. Mau a wamalondayo ali ndi coona cake, koma mbali imene iye anaikometsera ndiyo yopereweradi.

Rauta ndi kabokosi kaja kamene kamalandira intaneti kucokera kunja ndi kuigawira mafoni ndi makompyuta a m'nyumba. Marauta ambiri ali ndi khomo limodzi cabe lolowera intaneti. Alipo ena a makomo awiri, amene m'masitolo awacha dual-WAN, ndipo amenewa angalandire simu ya MTN pamodzi ndi ya Airtel kapena ya Zamtel, kapenanso simu kumodzi ndi waya kwina.

Kuti timvetse m'mene agwirira nchito, tiganize za mlimi amene ali ndi ngolo ziwiri zopititsira cimanga kumsika. Ngati ali ndi matumba 20, ngolo ziwirizo zidzatha nchito msanga kuposa imodzi, pakuti zigawana katundu. Koma ngati thumba ndi limodzi lokha, lidzakwera ngolo imodzi ndi kuyenda pa liwiro la ng'ombe za ngolo imeneyo, inzakeyo idzangoima. Rauta ya makomo awiri icita cimodzimodzi. M'nyumba mukakhala anthu asanu, wina pa WhatsApp, wina pa Facebook, wina pa maphunziro, rauta iwagawira malaini onse awiri ndipo aliyense apeza mpata. Koma mwana wanuyo potumiza pepala lake limodzi, pepalalo lidutsa pa laini imodzi basi. Kuti thumba limodzi ling'ambidwe pakati ndi kukasokedwanso kutsogolo, pafunika makina ena okhala kutali amene mwini wake alipiritsa mwezi ndi mwezi. Zimenezo nza makampani, si za pakhomo pa mlimi ai.

Kugawana katundu kumeneku kulinso ndi kavuto kake. Laini iliyonse ili ndi keyala yakeyake pa intaneti. Mabanki ena ndi makoleji ena akaona kuti munthu analowa ndi keyala iyi koma tsopano alankhula ndi keyala ina, amkaikira namtulutsa kunja. Wophunzira amene ali pakati pa mayeso sangakondwe nazo zimenezi.

Cimene banja lanu lisowa kwenikweni ndi ngolo yodikira. Rauta ingaikidwe kuti igwiritse nchito laini imodzi nthawi zonse, ndipo iyo ikagwa, isamukire yokha ku inzake m'kanthawi kocepa. Lamya ya vidiyo ingadukize pang'ono, koma nchito ipitirira. Usiku uja mwana wanu analira, cinasowa sicinali liwiro, cinali khomo lina lotulukira. Ndipo dziwani kuti marauta ambiri okhala ndi malo a simu ziwiri amatha kulankhula ndi simu imodzi cabe pa nthawi imodzi. Pa nchito yodikira ali bwino ndithu. Koma wogulitsa asakuuzeni kuti aphatikiza mphamvu za simu ziwirizo.

Tsopano tifike pa nkhani imene ogulitsa saichula. Malaini awiri athandiza pokhapo ngati sagwa pamodzi. Simu ziwiri za kampani imodzi zili ngati ngolo ziwiri zokokedwa ndi ng'ombe zomwezo. Ngakhale za makampani osiyana zifuna kuyang'anitsitsa, cifukwa nsanja zambiri za netiweki m'Zambia muno zili m'manja mwa kampani ya IHS, ndipo nsanja imodzi inganyamule zipangizo za makampani awiri. Mphamvu ikatha pa nsanja yoteroyo, onse akhala cete. Tonse tikumbukira caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima kufikira maola 21 pa tsiku. Masiku amenewo netiweki inali kuvuta m'madera ambiri. Ndiponso dziko la Nyimba ndi lamapiri, makamaka ca ku Kacholola, kotero kuti laini yogwira bwino pa sitolo ingakane kuseri kwa phiri kumene kuli mudzi.

Laini yosadalira nsanja konse ndi ya Starlink, imene inayamba nchito m'dziko muno mu October 2023. Iyo ilandira intaneti kucokera ku makina ozungulira m'mlengalenga, kupyolera m'kambale koikidwa pamalo poyera popanda mitengo. Kuimanga pamodzi ndi simu ndiyo njira yolimba kopambana, popeza cogwetsa iyi si cogwetsa inzake. Koma zipangizo zake nzodula, zidya magetsi ambiri kuposa rauta wamba, ndipo mvula yamphamvu iidodometsa. Ife tiona kuti iyenera sukulu, cipatala kapena kopaletivu, kumene anthu ambiri angasonkhe.

Musaiwalenso kuti rauta nayo ifuna magetsi. Malaini angakhale awiri, koma malaiti akazima kabokosiko kazimanso. Kabatire ndi kasola kakang'ono zikwanira, pakuti rauta idya pang'ono ngati babu limodzi.

Nanga ndalama? Malaini awiri ndi mabandulo awiri. Ya laini yodikira igulidwe yaing'ono, koma muyang'anire tsiku lake lothera, cifukwa bandulo yotha nthawi ili ngati ngolo yopanda goli.

Musanagule kanthu, citani ici. Bwerekani mafoni a anansi okhala ndi simu za makampani ena, muwayese pakhomo panu penipeni, madzulo pamene anthu ambiri ali pa netiweki, ndiponso tsiku limene magetsi azima. Mukapeza simu imene ikhala yamoyo pamene yanu yafa, muigule ndi kuiika m'foni ya mwanayo. Foni yamakono itha kugawira kompyuta intaneti monga momwe rauta icitira. Kusiyana kwake nkwakuti mwini wake asintha yekha ndi dzanja. Yesani motero kufikira mvula itatha, ndipo mukaona kuti kusinthako kukutopetsani, mutilemberenso tikambirane za mtundu wa rauta woyenera kugula.