Mandasi a Loweruka ndi nkhalango za kwathu

Loweruka loyamba la mwezi uliwonse ndimadzuka mbandakucha kukazinga mandasi. Chisanu cha kuno ku England chimalowa mpaka m'mafupa, koma ikamakwana 9 koloko ndimakhala nditayala kale tebulo mu holo ya tchalitchi, pambali pa amayi achingelezi ogulitsa tiyi ndi makeke. Sitikwana khumi, ndipo palibe wolandira malipiro. Zomwe tapeza kabungwe kathu kamatumiza kumidzi ya m'mbali mwa nyanja kwathu, komwe anthu akusamala nkhalango zawo.

Ntchito yanga ina ndi kuwerenga makobili, kutsuka makapu ndi kukumbutsa wopereka aliyense kuti asaine fomu ya Gift Aid, poti pa paundi iliyonse ya munthu wokhoma msonkho boma la kuno limaonjezerapo 25p.

Tsiku lina agogo ena atagula mandasi awiri anaima nthawi yaitali pa chithunzi cha phiri lometedwa mpala, kenaka anandifunsa kuti, "Kodi anthu akwanuwo bwanji sakonda mitengo?"

Funsolo linandilasa mtima. M'maganizo ndinaona mayi anga akutsika m'phiri, mtolo wa nkhuni pamutu, nkhata itaphwatalala, madzulo maso ali psuu ndi utsi wa pamafuwa. Mayiwo ankadziwa msuku, muwanga, mbawa ndi mombo monga momwe ankadziwira ana awo, ndipo mvula ikagwa sankasochera pomwe pamera bowa. Ndinawauza agogowo kuti kwathu mabanja oposa 9 mwa 10 aliwonse amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo mayi wonyamula nkhwangwa amangofuna kuti nsima ipse ana asagone ndi njala.

N'chifukwa chake ndimavulira chipewa bungwe la Ripple Africa, lomwe Geoff ndi Liz Furber anayambitsa mu 2003 ku Mwaya m'boma la Nkhata Bay. Iwo analowa m'khitchini. Mbaula yawo ya Changu Changu Moto imamangidwa ndi zidina ndi dothi, imaphika miphika iwiri nthawi imodzi, ndipo banja lomwe linkatha mitolo itatu pa sabata limangotha umodzi. Ikang'aluka, mwini wake amaimata yekha ngati akuzira pakhonde. Ulendo wakuphiri ukachepa, msana wa mayi umapuma, nayo mitengo imapuma.

Opereka ambiri amakonda kumva kuti mbande zadzalidwa zingati. Ine ndimawauza mosabisa kuti kudzala mu Januwale n'kosavuta. Tiziwerenga mu Okutobala, mbuzi zitadya zomwe zadya, moto wa osaka mbewa utadutsa. Zomwe zatsalazo zapulumuka chifukwa wina analambula udzu kutchinga moto, amfumu anagamula mlandu wa wodula mitengo mwakuba ngakhale ali mphwawo, ndipo amayi a m'komiti anatunga madzi othirira nazale dzuwa likuswa mtengo. Iwowa nawonso salandira kanthu, ndipo ntchito yawo njolemera kuposa yanga ya makapu. Amene anaona matope ndi miyala zikutsika m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe, namondwe wa Freddy atafika mu Malichi 2023, sangaione ntchitoyi mopepuka.

Mwezi wotsatira agogo aja anabweranso, anzawo awiri ali pambuyo. Anandipempha ndiwajambulire mbaula ija pa pepala, ndiwaonetse polowera nkhuni ndi pokhala miphika, kenaka atatu onse anafunsa komwe kuli mafomu.