Tijambule chigwa chathu, adzukulu adzachione

Sabata lina masana, titatuluka m'mapemphero, tinayenda ndi achinyamata a Pathfinder m'mbali mwa mtsinje wa Domasi. Tikupuma pamthunzi, mkulu wa mpingo wina wachikulire analoza kumtsetse kwa phiri la Malosa. Iwo anati ali mnyamata ponsepo panali nkhalango yowirira, mwala sunkaoneka. Mtsikana wina anafunsa mwaulemu kuti, "Agogo, chithunzi chake muli nacho?" Analibe. Dzuwa litalowa, ifenso tinafufuza m'mafoni mwathu. Tinapezamo maukwati, makeke ndi nkhope zathu zomwe, koma phiri lomwe timaliona tsiku ndi tsiku munalibe.

Zithunzi zambiri zakale za dera lino anajambula ndi alendo: amishoni, monga a Church of Scotland omwe anatsegula mishoni ya Domasi mu 1884, ndi akuluakulu a boma la atsamunda pomwe likulu linali ku Zomba. Lero kamera ili m'thumba mwathu, ndipo dziko likusintha tikuona. Mitengo ikuthera makala. Nyanja ya Chilwa, komwe mtsinje wa Domasi umathira, inauma mu 1968 ndi mu 1995. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagumula mapiri ndi kukokolola minda m'chigawo cha kummwera. Choncho malangizo a mwezi uno ndi othandiza kuti tisunge umboni wooneka bwino wa malo omwe Mulungu anatipatsa kuti tiwasamale.

Choyamba n'chapafupi: pukutani galasi la kamera ndi kansalu kofewa. Foni imakhala m'thumba, imagwidwa ndi manja amafuta, ndipo zithunzi zambiri zooneka ngati muli chifunga vuto lake limakhala lomweli.

Chachiwiri ndi nthawi. Chigwa cha Domasi chili pakati pa phiri la Zomba ndi la Malosa, ndipo chimatsegukira kummawa, kudambo la Chilwa. Mukaima cha kumsewu wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde n'kuyang'ana kumapiri, dzuwa la m'mawa limakhala kumbuyo kwanu, ndipo khwawa lililonse limaoneka. Madzulo dzuwa limapita kuseri kwa mapiriwo, mapiri n'kuda. Pamenepo tembenukani, mujambule kudambo. Dzuwa la pa liwombo limayeretsa thambo ndi kudetsa nkhope, ndiye masana foni ipume. Nyengonso ili ndi mbali yake. Kuyambira Epulo mpaka Juni mpweya umakhala woyera, mapiri akadali obiriwira. Mu Seputembala ndi Okutobala utsi wa lupsa ndi fumbi zimabisa zakutali, choncho jambulani zapafupi: masamba ofiira a mitengo yophukira, miyala ya mumtsinje madzi atachepa.

Chachitatu ndi kakonzedwe. Phiri lokha pachithunzi limaoneka laling'ono. Ikani china patsogolo, kaya mtengo wa mango, njira yokhota, munda wa mpunga kapena mwana wanu ataima patali. Diso limayambira pamenepo n'kumakwera. Mafoni ambiri ali ndi mizere yogawa sikirini m'magawo atatu. Iyatseni, ikuthandizeni kuti dziko lisapendekeke, ndipo chomwe mukujambulacho muchiike pamzere wina, osati pakatikati nthawi zonse. Gwirani foni chopingasa ndi manja awiri, zigongono zitatsamira m'nthiti. Dinani pasikirini pomwe mukufuna paoneke bwino. Kukoka chinthu ndi zala kuti chiyandikire kumangofufumitsa chithunzi, bola kusendera ndi miyendo. Kwa mbalame ndi agulugufe, khalani pansi mudikire. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono nayi ntchito yomwe tikupempha banja lililonse. Sankhani malo amodzi osasuntha, monga pakhomo la tchalitchi, pamlatho kapena pamwala waukulu. Jambulani kuchokera pomwepo, kuyang'ana mbali yomweyo, mwezi womwewo chaka chilichonse. Zithunzi zisanu zotere mukaziyala pamodzi zidzaonetsa ngati phiri likumeteka kapena ngati mitengo yomwe achinyamata anabzala yagwira. Mungathe kuzionetsa kwa amfumu kapena kukomiti ya zankhalango, ndipo mkangano umachepa anthu akaona ndi maso.

Pojambula musaiwale thupi lanu. Miyala ya mumtsinje ndi ya pamathithi imaterera ndi ndere. Nthawi ya dzinja madzi amatha kudzaza mwadzidzidzi chifukwa cha mvula yomwe yagwa kuphiri, pomwe inu muli padzuwa. Madzi odikha a m'minda ya mpunga ndi m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa mumakhala nkhono zofalitsa likodzo, ndiye ana asalowemo pofuna chithunzi. Nyamulani madzi akumwa ndi chipewa. Ulendowo pawokha ndi mankhwala: kuyenda, mpweya wabwino ndi kadzuwa ka m'mawa.

Tikafika pa anthu ndi miyambo, luso lalikulu ndi ulemu. Anansi athu ambiri kuno ndi Ayao ndi Alomwe, ena Asilamu, ena a mipingo ina. Miyezi ya tchuthi, cha mu Ogasiti ndi Seputembala, timamva ng'oma za manganje anamwali akamatuluka. Sitichita nawo mwambo uliwonse, komabe zimenezo sizitipatsa ufulu wojambula anzathu ngati nyama za kumalo osungira. Yambani mwapereka moni. Pemphani kwa amfumu kapena eni mwambo kuti, "Pepani, kodi n'kotheka kujambulako?" Akakana, foni ibwerere m'thumba. Kusimba kapena kundagala sikojambula. Pamaliro ndi pamzikiti funsani kaye. Mwana wa munthu wina musamuike pa Facebook kapena pa WhatsApp makolo ake asanavomere. Safunsa anadya phula.

Akakulolani, imani pambali, musatseke njira ya ovina kapena maso a oonera. Gwadani kuti mufanane msinkhu ndi oimba ng'oma. Jambulani chimodzi chotenga bwalo lonse, kenako zapafupi: manja pang'oma, mapazi m'fumbi, gogo akuombera m'manja. Usiku fulashi imathobwa anthu m'maso, choncho jambulani kusanade. Mukatha aonetseni, ndipo ngati mwalonjeza kuwatumizira, tumizani. Malangizo omwewa agwirenso ntchito kumsonkhano wathu wa misasa ndi paubatizo. Munthu akulowa m'madzi si nthawi yopanikizana ndi abusa pamtsinje. Mpingo usankhe wojambula mmodzi, enafe tiziimba.

Ena amafunsa ngati n'koyenera kujambula pa Sabata. Mabanja amaona mosiyana, ndipo sitiika lamulo. Kwathu tinagwirizana kuti pa Sabata timayenda, timayang'ana ndi kuyamika Mlengi, ndipo malo omwe atisangalatsa timabwererako Lamulungu m'mawa ndi foni. Taona kuti zithunzi zake zimatuluka bwino, chifukwa malowo tinayamba tawaonetsetsa.

Chomaliza ndi kusunga. Foni imabedwa, imagwera m'madzi, memori khadi imafa. Kumapeto kwa chaka sankhani zithunzi khumi, mukatsukitse kusitudiyo m'tauni ya Zomba. Kuseri kwa chilichonse lembani deti, malo ndi mayina a anthu. Sungani mu envulopu, m'sutikesi, kutali ndi chinyezi ndi chiswe.

Ife tinayambapo. Lamulungu lotsatira, cha m'ma 6 koloko m'mawa, tinabwerera pamalo paja ndi agogo aja. Anaima pambali pa mtengo, ataloza phiri, ndipo mtsikana yemwe anafunsa uja ndi amene anajambula. Kuseri kwa chithunzicho analemba zomwe agogo ananena za nkhalango ija. Tinapangana kuti chaka chamawa, mwezi womwewo, Ambuye akalola, tidzaimanso pomwepo.