MUSASAINE MASO ASANAWERENGE

Abale ndi alongo anchito a m'makomboni, lero tifuna kunena za cinthu cimene ciri kudya ndarama zathu mwakacetecete monga ciswe. Cinthuco ndico kusaina kapena kudinda cala pa pepala la Cizungu limene sitinaliwerenge. Ife amene tinagwirapo nchito ya ukalaliki pa mgodi taona amuna amphamvu, odziwa makina ao bwino-bwino, atagwira pepala m'manja nayang'ana uku ndi uku kufuna wina woti awauze zolembedwapo. Munthu wotere sali wopusa, iai. Koma pa nthawi imeneyo thukuta lace lonse liri m'manja mwa wowerengayo, ndipo si owerenga onse ali ndi mtima wabwino.

Bvuto ili si la lero. M'masiku a atsamunda, pa migodi ya ku Copperbelt panali zinenero ziwiri za nchito. Cikabanga cinali ca kulamula: bwera kuno, nyamula ico, fulumira. Cizungu cinali ca pa pepala: malipiro, msonkho, malamulo ndi kalata yocotsa munthu nchito. Wanchito anampatsa cinenero ca kumvera, koma ca pa pepala cinatsala mu ofesi. Pamene anchito a m'migodi anapanga bungwe lao m'caka ca 1949, anasankha Lawrence Katilungu kukhala mtsogoleri. Iye anali atakhalapo mphunzitsi ndiponso womasulira mau pa mgodi wa Nkana. Makolo athu anadziwa kuti pokambirana ndi eni migodi pafunika munthu wotha kuwerenga yekha zimene bwana walemba.

Ufulu unadza mu 1964, koma Cizungu sicinapite ndi atsamunda. Mu 1966 cinaikidwa kukhala cinenero cophunzitsira ana kuyambira caka coyamba ca sukulu, ndipo malamulo akuru a dziko la Zambia acicha cinenero ca boma. Mu 2014 ana ang'ono anayamba kuphunzira m'zinenero zakwathu m'zaka zinai zoyamba, koma pepala la malipiro, fomu ya ku banki ndi botolo la mankhwala zinatsala m'Cizungu. Tikonde kapena tisakonde, ndico cimene tikomana naco pa windo la ofesi.

Tsono mvetsani bwino. Sitikuti mulankhule monga loya wa ku London. Tikunena za mau owerengeka cabe amene agwira malipiro anu, thanzi lanu ndi dzina lanu.

Yambani ndi pepala la malipiro. "Gross pay" ndizo ndarama zonse asanadulepo kanthu. "Deductions" ndizo zimene adula. "Net pay" ndizo zofika m'thumba mwanu. NAPSA, imene isunga ndarama za ukalamba, itenga K5 pa K100 iriyonse, ndipo wolemba nchito ayenera kuonjezapo K5 yace. Ngati mulandira K3,000, yanu ndi K150, yacenso ndi K150. Mukaona K300 yadulidwa kwa inu nokha, funsani. NHIMA, ya ku cipatala, itenga K1 pa K100. Wodziwa mau awa sacoka pa windo ali ndi mafunso m'mimba.

Kenaka pali mau awiri amene alekanitsa munthu wopita kwao ndi katundu ndi wopita manja lende. "Resign" ndiko kusiya nchito mwa kufuna kwanu. "Redundancy" ndiko kucotsedwa cifukwa kampani yacepetsa anchito. Lamulo la nchito la 2019, locedwa Employment Code Act, liti wocotsedwa motere alandire malipiro osacepera miyezi iwiri pa caka ciriconse cimene wagwira. Munthu wa zaka 10 pa K3,000 ayenera kulandira K60,000. Koma akasaina kalata yonena kuti wasiya yekha, ndarama imeneyo yapita. Ndipo mukaona mau akuti "full and final settlement", dziwani kuti mukubvomera kuti zimene akupatsanizo ndi zomariza ndipo simudzafunsanso cina. Liu limodzi lokha lingathe kudya zaka 10 za thukuta.

Kwa obwereketsa ndarama ndi cimodzi-modzi. "Interest" ndico ciongola dzanja. "Per annum" ndi pa caka, "per month" ndi pa mwezi. Mukabwereka K1,000 pa 30% pa caka, ciongola dzanja ndi K300 caka conse. Ikakhala 30% pa mwezi, ndi K300 mwezi uliwonse, ndiye kuti K3,600 pakutha kwa caka. Manambala pa pepala afanana, cosiyana ndi timau tiwiri tating'ono timene ambiri tidumpha.

Nanga pa mankhwala? "Three times daily" ndi katatu pa tsiku. "Before meals" ndi musanadye, "after meals" ndi mutadya. "EXP" ndi manambala otsatira asonyeza mwezi ndi caka cimene mankhwalawo atha mphamvu. Pa nchito pali "Danger", "No entry", "Poison" ndi "High voltage": ngozi, musalowe, poizoni, magetsi akupha. Pa foni napo, uthenga wofunsa PIN yanu ndi wa mbala, ngakhale utalembedwa m'Cizungu cokoma cotani.

Ena adzati: "Cifukwa ninji ife tibvutike ndi cinenero ca eni? Alembe m'Cinyanja!" Mau amenewa ndi oona ndipo ifenso tiwanena. Dziko lino liri ndi zinenero zisanu ndi ziwiri zophunzitsidwa m'masukulu ndi zomveka pa wailesi: Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi, Cikaonde, Cilunda ndi Ciluvale. Palibe coletsa kampani kulemba cenjezo la ngozi m'cinenero ca anchito ace. Tidzapitiriza kupempha zimenezi. Koma pepala la mwezi uno lifika pempho lathu lisanayankhidwe, ndipo fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Kudziwa mau a Cizungu sikucotsa Cinyanja m'kamwa mwa munthu. Ndi cida cabe, monga sipanala.

Ena ati: "Mwana wanga ali pa sukulu, adzandiwerengera." Inde, mwana athandiza. Koma kodi mufuna kuti mwana wa zaka 12 ayambe ndiye kudziwa zimene dokotala wapeza m'magazi anu, kapena kukula kwa ngongole yanu? Ndipo mwanayo sakhala nanu mu ofesi pamene kapitao aika colembera m'dzanja lanu nati fulumirani, anzanu akudikira.

Enanso ati: "Ife takula, mutu unauma." Munthu amene aloweza mitengo ya zinthu zonse za pamsika, manambala a foni a abale ndi maina a osewera mpira a timu yace sangakanike mau asanu pa sabata. Mau 5 pa masabata 52 ndi mau 260 pa caka, ndipo mapepala amene tachula pano abwereza mau omwewo mwezi ndi mwezi. Pang'ono-pang'ono ndi mtolo.

Njira yace ndi iyi. Coyamba, ngati simunathe kuwerenga Cinyanja, yambani ndi cimeneco, pakuti Cinyanja cilembedwa monga cimveka ndipo zilembo zace ndi zomwezo za Cizungu. Caciwiri, musadabwe kuti Cizungu sicitero. Cilembo ca "a" kwa ife cimveka mofanana ponse, koma m'mau a "pay", "tax" ndi "salary" cisintha-sintha. Cifukwa cace lowezani liu lonse monga muloweza nkhope ya munthu. Cacitatu, buku lanu loyamba likhale pepala lanu lomwe la malipiro. Gulani kope, lembani liu la Cizungu kumanzere ndi tanthauzo lace m'Cinyanja kumanja. Cacinai, musaphunzire nokha. Anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi akomane madzulo kawiri pa sabata, ku chalichi, ku holo kapena pa khonde la mnzao, aliyense abweretse pepala lace. Safunsa anadya phula.

Kwa inu amene munapitako patsogolo ndi sukulu, makalaliki anzathu, aphunzitsi ndi atsogoleri a mabungwe a anchito, tikuti: lekani kuseka munthu wolakwitsa Cizungu. Kuseka kumeneko ndiko kubweza ambiri kuti asafunse. Mnzanu akabwera ndi kalata, musangomuuza tanthauzo lace. Muikeni cala pa liu limene liri ndi ngozi, kuti mawa akalizindikire yekha.

Lamulo lomwe lija la 2019 lifuna kuti pangano la nchito la miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposapo lilembedwe, ndi kuti wanchito alimvetse asanalibvomere. Tsono musaope kunena kuti, "Bwana, ndipatseni pepalali ndikaliwerenge, ndidzabwera nalo mawa." Pemphaninso kope lanu la ciriconse cimene mwasaina, ndipo mulisunge pamodzi ndi citupa canu. Wolemba nchito woona sakana pempho lotere. Amene akana, wakuuzani kale kuti m'pepalamo muli cimene safuna kuti muone.

Abale, yambani sabata lino. Turutsani pepala la malipiro la mwezi watha, pezanipo mau asanu, ndipo muitane mnansi wanu kuti muwerengere pamodzi.