Banja lidatha, koma foni ya mwana iyang'anireni nonse awiri

Banja likatha, mwana amakhala ndi makomo awiri: mkati mwa sabata kwa mayi, Loweruka kapena patchuthi kwa bambo. Chomwe amayenda nacho konseku ndi foni yake. Kwina imazimitsidwa 8 koloko usiku, kwina amaonera TikTok mpaka tambala woyamba. Lolemba mwana akusinza m'kalasi, inu makolo n'kuyamba kulozana zala.

Tulo ta mwana ndi nkhani ya zaumoyo. Mu 2019 bungwe la WHO lidalangiza kuti khanda lisamaonetsedwe foni kapena TV, ndipo mwana wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Kwa okulirapo malire mumaika ndinu, ndipo pali mapulogalamu othandiza kuwasunga. Langizo langa ndi ili: musatenge pulogalamu chifukwa yatchuka. Tengani yomwe nonse awiri mungalowemo, aliyense ndi akaunti yake, kaya mafoni anu ndi osiyana.

Yambani mwaona foni ya mwanayo, osati yanu.

Ngati ndi ya Android, monga Tecno, itel kapena Samsung, ntchito yachepa. Google ili ndi pulogalamu yaulere ya Family Link, yomwe kholo limatha kuigwiritsa ntchito pa Android ngakhalenso pa iPhone. Mumaika maola a patsiku, nthawi yoti foni itsekeke usiku, komanso kuvomereza kapena kukana pulogalamu yomwe mwana akufuna kuika. Gulu la banja limalola anthu mpaka 6, ndipo amene walitsegula akhoza kupatsa kholo linalo mphamvu zoyang'anira.

Koma dziwani malamulo ake musanayambe. Munthu saloledwa kukhala m'magulu awiri nthawi imodzi, ndipo kusintha gulu n'kamodzi pa miyezi 12. Ngati bambo adakwatiranso ndipo ali kale m'gulu ndi banja latsopano, pafunika kukambirana. Google imafunanso kuti a gulu limodzi akhale m'dziko limodzi, zomwe zingavute ngati kholo lina lili pa ntchito ku Johannesburg. Komanso wotsegula gulu ndiye angathe kuchotsa mnzake, choncho gwirizanani kuti akhale ndani.

Ngati foni ya mwana ndi iPhone, zinthu n'zosiyana. Screen Time ya Apple imagwira bwino, koma kholo lingaiyang'anire lili patali pokhapokha nalonso lili ndi chipangizo cha Apple. Family Link nayo singatseke iPhone ya mwana kapena kuika maola ake. Ndiye musanamusiyire mwana iPhone yanu yakale, ganizirani mnzanu yemwe ali ndi itel: mwam'tsekera kunja. Zikatero njira yotsala ndi mapulogalamu monga Qustodio, omwe amagwira pa mitundu yonse iwiri. Yaulere yake imateteza foni imodzi yokha ndipo zochita zake n'zochepa, zambiri n'zolipira. Panganiranitu wolipira, chifukwa ndalama ikapanda kuperekedwa chitetezo chimachepa mwana asakuuzeni.

Ena amati, "Bwanji osangogwiritsa ntchito akaunti imodzi?" Musatero. Mukapereka pasiwedi ya akaunti yanu ya Google, mwaperekanso maimelo ndi zithunzi zanu. Tsiku lomwe mudzasemphane, wina adzasintha pasiwediyo, ndipo wovutika adzakhala mwana.

Chinthu china chimene ambiri sachiganizira ndi mapu. Mapulogalamuwa amaonetsa pomwe foni ya mwana ili, kutanthauza kuti amaonetsanso pomwe kholo lomwe ali nalo lili. Ngati mudasiyana mwamtendere, gwirizanani poyera ngati mapuwo akhale otsegula. Ngati banja lidatha chifukwa cha nkhanza, langizo langa loti mulowemo nonse silikukhudzani: musalole kuti foni ya mwana ikhale diso la munthu yemwe mudamuthawa. Inu ongodzipereka pa zaumoyo, mukamachezera mayi wotere, m'funseni kuti foni ya mwanayo adagula ndani ndipo adaitchera ndani.

Tisadzinamizenso kuti pulogalamu ndi mlezi. Family Link sikuonetsani zomwe mwana akulemberana ndi anthu pa WhatsApp. Zomwe mwasintha sizifika pa foni yake ngati ilibe intaneti, ndiye bandulo ikatha, dzanja lanu lafupika. Ndipo mwana wochenjera amangobwereka foni ya mnzake.

N'chifukwa chake ntchito yeniyeni imayamba musanaike chilichonse. Khalani pansi, ngakhale pamaso pa ankhoswe ngati kulankhulana kumavuta, mugwirizane zinthu zitatu: maola angati patsiku, foni izigona nthawi yanji, ndipo ndi mapulogalamu ati osaloledwa. Kenaka muuzeni mwanayo, makamaka nonse muli pomwepo, kuti adziwe kuti sakuzondedwa ndipo palibe khomo lothawirako lamulo. Muuzeninso kuti wina akamutumizira zolaula kapena kumuopseza, auze aliyense wa inu popanda kuopa kulandidwa foni. Akachita mantha, nambala yaulere yothandiza ana ya 116 ilipo.

Ukwati udatha, koma mwanayo akadali wa nonse awiri. Asamasinthe nthawi yogona chifukwa wasintha khomo.