D-4 si mfiti, koma siyimwa mafuta a m'chigubu

Izi ndi za inu amene mukusunga ndalama za usipa kuti mugule Noah kapena Voxy yakale ija muziyendetsa taxi. Anthu akukuuzani kuti ukaona injini yolembedwa D-4, thawa. Ine ndikuti musathawe msanga, yambani mwadziwa chimene mukugula.

Ka Yamaha Enduro ka pabotika kali ndi carburettor, petulo ndi mpweya zimasakanikirana kaye kenako n'kulowa. Galimoto za EFI wamba zimapopera petulo kuseri kwa valavu. Koma D-4 ya Toyota, ngati GDI imene Mitsubishi inatulutsa mu 1996, imabaya petulo mu silinda mwenimweni, pamutu pa pisitoni. Ndiye pamakhala pampu yachiwiri, yamphamvu zedi. Tayala la galimoto timapopa cha m'ma 2 bar, EFI wamba imakankha 3 kapena 4, koma iyi imatha kupitirira 100. Petulo amatuluka ngati nkhungu, amapsa bwino, mphamvu zambiri pa mafuta ochepa. Mmene petulo wadulira muno, imeneyo si nkhani yamasewera.

Tsono vuto lake nali. Timabowo ta injector n'tating'ono kwabasi. Mafuta akasowa pa filling station tonse timathamangira a m'zigubu, momwe mumapezeka madzi, dzimbiri, mchenga, mwinanso palafini. Carburettor ikatsekeka timamasula pansi pa mtengo, kutsuka, kuuzira, madzulo boti labwerera pamadzi. Pampu ya D-4 ikadya mchenga palibe zouzira aise, n'kugula ina basi.

Chachiwiri, poti petulo sadutsa pa mavalavu olowetsa mpweya, palibe chowatsuka. Mwaye umaunjikana, injini imayamba kunjenjemera, kuzima uli pa siteji. Timabotolo tothira mu thanki tija sitifikako, pamafunika kumasula manifold n'kupala. Apa sindiikira kumbuyo, ndi chilema chake ndithu. Toyota yomwe inadzapanga D-4S, yokhala ndi ma injector mbali ziwiri zonse.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Ngati mumakhala kutali ndi filling station ndipo mumadalira mavenda, gulani Sienta ya injini ya 1NZ-FE, mtima ukhale m'malo. Ngati mungakwanitse petulo woyera, oyilo wabwino pa nthawi yake ndi kusintha fyuluta, D-4 ikudyetsani.

Amakaniko anzanga, tisiye zolotera. Kusintha mapulagi, kenako coil, kenako pampu, mwini galimoto akungotulutsa ndalama, kumeneko n'kuba. Injini izi zimafuna makina a diagnosis ndi kuyeza pressure. Ndipo musamasule paipi ya mafuta injini itangozima kumene, petulo wake amatha kuboola khungu. Tiphunzire, chifukwa galimoto zobwera kuchokera ku Japan sizibwereranso ku carburettor.

Safunsa anadya phula. Tumizani kwa mnzanu amene akufuna kugula galimoto asanapereke ndalama.