Windows wobedwa uja mu lab mwathu ndi nyumba yopanda chitseko

Aphunzitsi anzanga, komanso inu ana anga amene mudadutsa m'manja mwathu kuno ku Linthipe ndipo lero muli m'maofesi ku Lilongwe ndi ku Blantyre, lero ndabwera ndi mkangano. Ndikudziwa kuti ena mukwiya. Kwiyani, koma muwerenge mpaka kumapeto.

Mfundo yanga ndi iyi: makompyuta a m'sukulu zathu, makamaka ma CDSS, achotsedwe Windows wobedwa uja ndipo aikidwe Linux ndi LibreOffice. Sindikunena izi chifukwa chodana ndi Microsoft ayi. Ndikunena chifukwa zomwe tikuzitcha "Windows" m'ma lab athu si Windows amene Microsoft amagulitsa. Ndi chitsulo chakale chomwe mnyamata wina wa pa trading centre adachiikira crack, chomwe sichilandiranso zigamba za chitetezo, chomwe flash iliyonse imalowamo ngati mbuzi m'dimba losatchinga.

Tiyeni tione masiku. Windows XP adasiya kulandira zigamba pa 8 Epulo 2014. Windows 7 pa 14 Januwale 2020. Windows 10 pa 14 Okotobala 2025. Ilipo njira yolandirabe zigamba kwa kanthawi, koma imafuna Windows wa laisensi yeniyeni, ndipo ife tili ndi angati? Windows 11 amafuna makina okhala ndi kachipangizo kotchedwa TPM 2.0, RAM ya 4GB kapena kuposa, ndi purosesa ya zaka zaposachedwa. Pitani mu lab yanu mukayang'ane kumbuyo kwa ma Dell ndi ma HP opatsidwa aja. Ambiri sangaloledwe n'komwe. Ndiye kuti tasiyidwa panjira, ndipo tikunamizira kuti basi ikubwerabe.

Kompyuta yopanda zigamba imatani? Mu Meyi 2017 kachilombo ka WannaCry kadatseka makompyuta a zipatala za boma ku Britain, odwala adabwezedwa, maopaleshoni adaimitsidwa. Chigamba chotseka bowo lomwe kachilomboko kadalowera chidatuluka mu Malichi chaka chomwecho, miyezi iwiri m'mbuyo, koma makina ambiri anali asanachilandire. Ngati ku Britain kuja, kokhala ndi akatswiri ndi intaneti yosaduka, zidawavuta chonchi, nanga ife a bundle ya Airtel ndi TNM yomwe imatha update isanafike pakati? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Koma tisapite kutali. Ndani mwa inu sadalowetsepo flash mu kompyuta ya ku stationery kukasindikiza mayeso a end of term, pobwera n'kupeza mafoda onse asanduka ma shortcut? Scheme of work ya chaka chonse yabisika, malikisi a Form 4 osaoneka. Kachilombo kameneka kadalembedwera Windows. Mukalowetsa flash yomweyo mu Linux, sikathamanga. Mumakaona poyera ngati fayilo wamba, mumakafufuta, ndipo mafoda anu obisidwa aja mumawapeza ali pomwepo. Mphunzitsi mnzanga wina adatsala pang'ono kulira atataya mafunso a mock chifukwa cha zimenezi, pomwe mankhwala ake ndi kompyuta imodzi yokha ya Linux Mint pakona pa staff room.

Tsopano amene mukundiyang'ana ndi diso lofiira mukuti, "Linux nayenso amabowoledwa." Inde. Mu 2014 kudapezeka bowo lotchedwa Heartbleed mu pulogalamu yaulere ya OpenSSL, ndipo lidagwedeza dziko lonse. Mu Malichi 2024 kudapezeka kuti munthu wina adabisa khomo lakuseri mu pulogalamu ya xz yomwe ma Linux ambiri amagwiritsa ntchito. Ndipo amene adalipeza ndi Andres Freund, wogwira ntchito ku Microsoft komweko! Adatha kulipeza chifukwa code yake ndi yotseguka, aliyense akhoza kusuzumira mkati. Sindikunama kuti Linux ndi mphika wosasweka. Kusiyana kwake n'koti Ubuntu LTS amalandira zigamba kwaulere kwa zaka zisanu, popanda wokufunsa laisensi, ndipo mitundu yopepuka monga Lubuntu kapena Linux Mint Xfce imayenda pa makina a RAM ya 2GB omwe Windows 11 amawakana. Funso lisakhale loti, "Wabwino ndani pakati pa Windows 11 watsopano ndi Linux?" Ife Windows 11 watsopano tilibe. Funso ndi loti, "Wabwino ndani pakati pa Linux wolandira zigamba ndi Windows 7 wa crack?" Yankho mukulidziwa.

Ena mukuti zaulere sizikhala zolimba, chinthu chabwino n'chogula. Tikumbutsane za Cashgate. Boma lidagula pulogalamu ya IFMIS ndi ndalama zambiri, yosamalira chuma cha dziko. Lipoti la Baker Tilly lidapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zidasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira Epulo mpaka Seputembala 2013. Anthu ankalowetsa malipiro abodza, macheke n'kutuluka, kenaka n'kufufuta mapazi awo mu makinamo. Mtengo wa pulogalamu sudateteze tambala imodzi. Phunziro lake likutikhudzanso ife: mu lab zambiri muli akaunti imodzi yokha, ya administrator, password yake 1234 yolembedwa ndi choko pakhoma. Pa Linux mwana amapatsidwa akaunti yake yopanda mphamvu yoika kapena kuchotsa mapulogalamu, ndipo makiyi amakhala ndi mphunzitsi. Windows angathenso kukonzedwa chonchi, koma amene amatiikira ma crack aja sachita zimenezo, chifukwa amayamba ndi kuzimitsa antivirus kuti crack igwire.

Ndipo musamati Linux ndi za azungu, sizingagwire kuno. Bungwe la Baobab Health, lomwe adayambitsa Gerry Douglas, lidayamba kuika makompyuta ogwira ndi chala pa sikirini kuchipatala chachikulu cha Lilongwe, chomwe lero timati Kamuzu Central, cha m'ma 2001. Pulogalamu yawo yosungira mbiri ya odwala olandira ma ARV idamangidwa pa Linux ndi mapulogalamu ena aulere, ndipo Amalawi anzathu ndi amene ankailemba ndi kuikonza. Ngati zidasenza ntchito ya kuchipatala, zingalephere kusenza mark sheet ya Form 2? Ubuntu weniweniyo adayambitsidwa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Foni ya Android yomwe mukuwerengerapo izi ili ndi Linux mkati mwake.

Tifike pa mfundo yanu yolimba, yomwe ndimaipatsa ulemu: mayeso a MANEB ndi ntchito. Mukuti mwana wa Computer Studies akufunika Word, Excel ndi Access, ndipo akapita kukafuna ntchito adzapeza Microsoft Office. Tiyeni tilankhule chilungamo. Writer ndi Calc za LibreOffice zimatsegula mafayilo a docx ndi xlsx. SUM, AVERAGE, IF ndi RANK zimalembedwa chimodzimodzi. Mail merge ilipo, ma chart alipo, kusandutsa fayilo kukhala PDF kulipo. Pomwe pamavuta ndi apa: kalata yokhala ndi ma table ambiri nthawi zina imasokonekera poisamutsa, ma macro a Excel sayenda onse, ndipo Base si Access, sangalowane m'malo mwachindunji. Choncho ndikuti sukulu isunge makina angapo abwinoko okhala ndi Windows ndi Office za laisensi, osalumikizidwa ndi ma flash a aliyense, a Form 4 azikonzekererapo practical. Otsalawo onse apite ku Linux.

Komanso dzifunseni, tikuphunzitsa mwana spreadsheet kapena tikumuloweza pomwe pali batani? Amene tidaloweza ma menu a Office 2003 tidasochera Office 2007 itabwera ndi ribbon. Publisher yemwe timamunyadira popanga ma certificate, Microsoft idalengeza kuti isiya kumuthandiza mu Okotobala 2026. Mabatani amasamuka. Mwana womvetsa kuti formula imagwira bwanji adzakhala pa Excel tsiku limodzi n'kuzolowera. Woloweza mabatani adzalira pa version iliyonse yatsopano.

Palinso nkhani ya khalidwe. M'mawa pa assembly timauza ana kuti kuba n'koipa, masana timawakhazika pa makina olembedwa pakona kuti Windows uyu si weniweni. Ana amawerenga, anzanga.

Ndiye ndikupempha zinthu zitatu. Ahedi, lolani mphunzitsi wa kompyuta ayese makina asanu okha teremu ino, muone ngati dziko lithe. Aphunzitsi anzanga a cluster ya kuno ku Dedza, tikumane Loweruka limodzi. Flash imodzi ya 8GB yokhala ndi Linux Mint imakwanira lab yonse, ndipo mukhoza kumuyesa osafufuta kanthu. Inu ana anga a m'tauni, mukafuna kuthandiza sukulu yanu, musangotitumizira makompyuta otha ntchito ku ofesi kwanu okhala ndi Windows 7. Bwerani nawo, mukhale nafe tsiku limodzi, tiwakonzere limodzi. Pa M1 ndi pafupi, minibus ya ku Dedza imaima pa Linthipe.

Otsutsa, malo a ndemanga ali m'munsimu. Koma musandiuze kuti "tidazolowera". Mundiuze tsiku lomwe makina a mu lab yanu adalandira chigamba chomaliza.