Musamupukute kanemayu, amwene

Sabata yatha ndinakangana ndi mnzanga wina wojambula mavidiyo a maukwati ndi mashoo. Dzina sindimutchula, poti kanyenya timadyerabe limodzi. Ndinamuonetsa pa laputopu filimu yotchedwa Instrument, imene Jem Cohen anajambula potsatira Fugazi, gulu loimba punk la ku Washington DC, m'maulendo ake. Sanathe ngakhale mphindi khumi. Anati: "Aise, uyu akanakhala wantchito wanga ndikanamuchotsa lero lomwe. Kamera ikunjenjemera ngati wodwala malungo, kuwala kulibe, mawu akung'ambika. Bwanji osangoilowetsa m'kompyuta kuti iyere?" Kenako anandionetsa ntchito yake: droni ikutsika kuchokera kumwamba, utsi wamitundumitundu, woimba atavala magalasi akuda usiku, ndipo anthu pansipo akuoneka ngati nyerere zonyamula mafoni.

Ndinakwiya, ndipo mkwiyowo sunathebe. N'chifukwa chake ndikulemba.

Mfundo yanga ndi imodzi basi. Kanema wa shoo ndi umboni. Ntchito yake ndi kuuza munthu amene kunalibe, mwina amene anali asanabadwe n'komwe, zimene zinachitika pakati pa oimba ndi anthu usiku umenewo. Ukaupukuta umboni mpaka kuwala ngati mbale yatsopano, wauwononga. Ndipo zambiri zimene masiku ano timazitcha kanema wa shoo ndi zotsatsa malonda zovala suti yobwereka.

Tione zimene zili m'filimuyo. Zithunzi zake zikuyambira mu 1987, chaka chimene gululi linaimba koyamba pagulu, mpaka 1998, ndipo filimu inatuluka mu 1999. Zina zinajambulidwa pa Super 8, zina pa 16mm, zina pa kamera wamba ya vidiyo. Oimbawo ndi anayi: Ian MacKaye ndi Guy Picciotto pa mawu ndi magitala, Joe Lally pa besi, Brendan Canty pa ng'oma. Timawaona mu 1988 ku Philadelphia, m'holo yamasewera, pomwe Picciotto akukwera n'kudzilowetsa mu mkombero wa basketball, n'kumaimba atalendewera chadodolido pamwamba pa woimba ng'oma. Timawaona mu 1990 akuimbira akaidi ku ndende ya Lorton. Timawaona mu Januwale 1991 kutsogolo kwa White House, kunja kukuzizira, pa chionetsero chokana nkhondo ya ku Gulf imene inali pafupi kuyamba. Penanso akufunsidwa mafunso ndi kamtsikana ka pasukulu pa pulogalamu ya pa TV ya ana asukulu, ndipo akuyankha mwaulemu ngati akulankhula ndi mtolankhani wamkulu.

Koma chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi nkhope. Cohen amasiya oimba, n'kutembenuzira kamera kwa anthu amene ali pamzere panja akudikira kulowa. Mmodzimmodzi. Kamnyamata ka ziphuphu kumaso, mtsikana wometa mpala, bambo wooneka ngati wangoweruka kumene kuntchito. Amangoyang'ana kamera, ena mwamanyazi, ena mwamwano. Ena akafunsidwa amaliyamikira gululi, ena amalinyoza, ena zikuoneka kuti sakulidziwa bwino n'komwe. Onsewo anasiyidwa m'filimu. Tsono ndikufunse iwe wa droni: pa kanema wako uja, ndi nkhope ya ndani mwa olipira pakhomo imene ndingaikumbukire mawa? Palibe. Unawasandutsa kapeti yopondapo bwana woimba.

Nkhani ya nkhopeyi ndi nkhani ya ndalama. Fugazi inkayesetsa kuti tikiti ikhale madola 5, ndipo inkaimba malo okhawo amene achinyamata amisinkhu yonse amaloledwa kulowa. Sinkagulitsa matisheti. Nyimbo zake zinkatuluka pa Dischord, kampani yaing'ono imene MacKaye anayambitsa ndi mnzake Jeff Nelson mu 1980. Anthu akayamba kuvina mopwetekana kutsogolo kwa siteji, gululi linkaimitsa nyimbo pakatikati n'kudzudzula wochita zachipongweyo pamaso pa onse, ndipo ankadziwika kuti ena ankawabwezera madola awo 5 n'kuwatulutsa. Zinthu ngati zimenezi munthu angazilembe papepala, koma pepala silikana cholembera. Pa kanema umaona wekha nyimbo ikuima, ukumva anthu akung'ung'udza, ukuona woimba thukuta lili kamukamu akukalipira munthu wamkulu ngati mwana. Mkonzi wa masiku ano akanadula pamenepo, n'kunena kuti pakuwononga kukoma kwa shoo. Komatu shooyo ndi pamenepo.

Musaganize kuti kanema wosapukuta amangotamanda. Amatsutsanso, ndipo amatsutsa mopanda chifundo. Mu Januwale 1978 gulu la ku London la Sex Pistols linayenda ku America, makamaka m'mizinda yakummwera: Atlanta, Memphis, San Antonio, Baton Rouge, Dallas, Tulsa, n'kukathera ku San Francisco pa 14 Januwale, pomwe gululo linasweka. Lech Kowalski anawatsatira ndi makamera, ndipo zimene anajambula zili m'filimu ya D.O.A. Mmenemo mulibe ngwazi. Muli zitini zouluka, anthu obwera kudzaona zilombo osati kudzamvera nyimbo, ndi Sid Vicious, mnyamata wa zaka 20, akutha ndi mankhwala osokoneza bongo anthu akuombera m'manja. Anamwalira mu Febuluwale 1979. Lero nkhope yake ili pa matisheti m'masitolo, yoyera bwino, yogulitsika. Kanema wonjenjemerayo ndi amene akusungabe zoona zake: panali mwana wa munthu amene ankafa pang'onopang'ono, ndipo ambiri anapeza phindu pa imfayo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Tishetiyo ndi mkuyu. Kanemayo ndi amene amaung'amba kuti tione nyererezo.

Ndikudziwa zimene ena mukunena pamene mukuwerenga. Mukuti ukali ndi fumbi nazonso zimapangidwa. N'zoona. Lero pa foni pali batani loti chithunzi chatsopano chioneke chakale, chokandika, ngati chinatoledwa m'chipinda chapansi mu 1982. Bodza limavalanso sanza. Mukutinso Instrument inakonzedwa mogwirizana ndi oimba eni ake, ndiye kuti nawonso anasankha zoti tione. N'zoonanso, sindikana. Palibe kamera yopanda mwini. Ndipo sindikunena kuti kusadziwa ntchito ndi luso ayi. Cohen ndi katswiri. Amadziwa poima, amadziwa nthawi yokhala chete, amadziwa kuti dzanja la woimba ng'oma likhoza kunena zambiri kuposa siteji yonse.

Choncho muyeso wanga si fumbi kapena kuyera. Mafunso ndi awiri: kamera yaima pati, ndipo ikutumikira ndani? Ya Cohen yaima pansi, pakati pa zigongono za anthu, pomwe ikhoza kugundidwa. Kunjenjemera kuja mnzanga anakuseka ndi chizindikiro choti wojambula anali ndi thupi, ndipo thupilo linali pomwepo. Droni ilibe thupi. Siitopa, siinunkhidwa thukuta, siilipira pakhomo. Imaona shoo mmene amaionera mwini ndalama: mitu ingati, malo adzaza bwanji.

Ndipo zoilowetsa m'kompyuta kuti iyerezo, chonde, ayi. Kusunga filimu yakale kuti isawonongeke ndi ntchito yabwino. Koma mapulogalamu amene amati amawonjezera kuwala aja amapeka zimene kamera sinaone. Pomwe panali mdima amaikapo nkhope yosalala imene sinakhaleko. Kodi mungalole munthu atenge chithunzi chokhacho cha agogo anu, chozilala chija, n'kuwajambulira mano atsopano ndi khungu la mwana wakhanda, ati kuti akongole? Amenewo si agogo anunso.

Fugazi inaimba mashoo opitirira 1,000 isanapume, ndipo omaliza anali ku London mu Novembala 2002. Mawu a mashoo opitirira 800 anajambulidwa, ndipo kuyambira mu 2011 akhala akuikidwa pa intaneti pansi pa dzina la Fugazi Live Series: usiku wabwino ndi usiku woipa womwe, zingwe zoduka, nthabwala zosaseketsa, mikangano ndi anthu. Gulu loopa mbiri yake silingachite zimenezo. Likanasankha usiku umodzi wokoma n'kubisa ena onse. Awa anati nazi zonse, weruzani nokha.

Ndiye iwe mnzanga, ndikudziwa uwerenga izi, ndipo ndikudziwa uti amene amakulipira amafuna droni. Chabwino, aulutsire, ana adye. Koma pa shoo ikubwerayi undichitireko chinthu chimodzi. Kwa mphindi khumi zokha, tsika pansi. Pita pageti ukajambule amene akuwerenga ndalama zake kawiri asanalowe, ndi amene wabwezedwa chifukwa zapelewera. Jambula woimba besi amene palibe amadziwa dzina lake, mayi wogulitsa mazira owiritsa kuseri kwa mpanda, anyamata onyamula masipika shoo ikatha anthu onse atapita. Magetsi akathima pakati pa nyimbo, usazimitse kamera. Bwana woimba akachedwa maola atatu anthu n'kuyamba kukuwa, usazimitse kamera. Zimenezo usazipereke kwa wokulipira. Uzisunge.

Pakadzatha zaka 20, utsi wamitundumitundu uja palibe adzaufune. Adzabwera kwa iwe kudzapempha mphindi khumi zonjenjemerazo, chifukwa mwa anthu a pagetiwo wina adzakhala mayi ake, wina mchimwene wake amene anatisiya. Tsiku limenelo udzandigulire kanyenya.